Manja Awiri a Lamson

Anthu amene amamudziwa Lamson Msaiwale kuno ku Perth anagawanika pawiri. Amalawi a ku Mirrabooka amamudziwa ngati uja woyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku Kewdale, wamfupi wojintcha, amene kutchalitchi amakhala benchi yakumbuyo n'kumaimba besi yosochera. Azungu a m'mabwalo a masewera amamudziwa ngati manijala wa besibo amene anatola timu yogona kumchira kwa ligi chaka ndi chaka n'kuipatsa chikho. Onsewo akunena zoona. Koma chikhocho musachitengere kumtima, mwini wake anachiika kugalaja pamodzi ndi matayala akale. Nkhani ya Lamson yagona pa manja ake awiri, ndi pa mkono wamanja wa Kondanani, mwana wa mlongo wake.

Lamson anafika kuno ali ndi zaka khumi ndi zitatu, akutsatira achemwali ake a Margreth. Makolo awo anali atatsikira kulichete ku Nathenje, ndipo a Margreth, atapeza ntchito ya unesi kuno, anakanitsitsa kukwera ndege popanda mlongo wawo. Anamenya nkhondo ya mapepala mpaka zinatheka. Mayi amenewa, abale, sanyengerera munthu. Ankabwera kuchokera kuchipatala maso ali psuu ndi tulo, koma mphamvu zolangizira mwana sizinkawathera. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti chinthu chochokera m'manja mwa munthu umalandira ndi manja awiri, ndipo sutsomphola, umadikira mwini wake akuikire. Tsiku lina Lamson, atatengera za anzake a kusukulu, anatsomphola makiyi m'manja mwa mlendo. Mbama imene inatera pamenepo, mpaka lero akaikumbukira amasisita tsaya.

Besibo anaipeza kusukulu. Kwa inu amene simunawaonepo masewerawa, zimakhala chonchi: wina amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kuponya mpira waung'ono wolimba ngati mwala, wina amaudikira ndi chibonga kuti aumenye, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanyonyomala munthu wachitatu, atavala chisoti ndi zotchinga pachifuwa, ntchito yake kuwakha. Mphunzitsi wina, a Jones, anaona kamnyamata kakuda kosaphethira mpira ukamabwera kumaso, nati iwe bwera kuno, nyonyomala apa. Lamson ananyonyomala, ndipo anakhala chinyonyomalire kwa zaka zambirimbiri.

Tisanamizane, Lamson sanali katswiri. Akagwira chibonga, anzake ankayamba kale kutola magulovu awo, podziwa kuti palibe chichitike. Kuthamanga kwake kunali kwa munthu wosenza thumba la simenti. Komabe atakula, timu yaikulu ya mumzinda muno, ya osewera olipidwa, inamutenga. Musafulumire kuwomba m'manja. Anamutenga kuti azikhala kuseri kwa mpanda, kumawakha mipira ya oponya pamene akutenthetsa mikono asanalowe m'bwalo. Masewera amene analowa yekha m'bwalo m'zaka zonsezo mukhoza kuwawerenga ndi zala osavula nsapato. A Margreth anapitako kamodzi kukaonerera. Anakhala padzuwa masana onse, akuyang'ana m'bwalo, mlongo wawo osamuona. Pobwerera m'galimoto anafunsa kuti, "Ndiye iwe, ntchito yako ndi kukhala pansi utavala yunifolomu?" Sanapitenso.

Koma kuseri kwa mpanda kuja ndi kumene Lamson anaphunzira chimene ena sanachione. Mipira zikwizikwi inagwera m'chikhatho chake, ndipo chikhathocho chinayamba kudziwa mikono ya anthu. Woponya akatopa, chigongono chimatsika pang'ono. Akamva ululu, amakutumula zala akangoponya, kapena kuzipukuta pabuluku ngati zanyowa. Pakamwa amati ndili bwino, onse amatero. Anaonanso chifukwa chake amanama. Manijala akafuna kusintha woponya, amayenda kupita pakachulu anthu onse akuona, n'kutambasula dzanja limodzi, nkhope atayang'ana kwina, n'kutsomphola mpira. Munthu wamkulu, wa mkazi ndi ana, amatsika pakachulupo atazyolika ngati wagwidwa akuba. Ndani angafune zimenezo? Ndiye amabisa ululu mpaka mkono kuwonongeka. Lamson anaona anzake angapo akuthera pomwepo, ndipo zinkamuwawa.

Mawondo atayamba kulira, timu yaikulu ija inamugwira chanza n'kumuuza kuti zikomo. Anabwerera ku Kewdale, kunyamula mapaleti kuchoka m'makontena kupita m'nyumba zosungira katundu, tsiku lonse galimoto yake ikulira pi-pi-pi pobwerera m'mbuyo. Ndiye a Jones, atakalamba tsopano, anamuimbira foni. Anali ndi kalabu ya kumpoto kwa mzinda, ya dzina la mbalame ina ya kuno imene Amalawife tinalephera kuitchula, mwakuti timangoti timu ya Lamson. Inali timu ya mapulambala, ana asukulu ndi oyendetsa mathiraki, yozolowera kuluza mpaka kumaseka. Panalibe ankaifuna. Lamson anavomera chifukwa sadziwa kukanira munthu wamkulu.

Tsiku loyamba kupita pakachulu ngati manijala, woponya anali Brown, pulambala wa ndevu zambiri, womuposa zaka. Lamson sanakonzekere chilichonse. Thupi lokha linakumbukira mbama ija. Anafika, n'kuwerama pang'ono, n'kutambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, n'kunena m'Chingerezi kuti zikomo, wagwira ntchito. Kenako anangoima, kudikira. Brown anayang'ana manja aja, anayang'ana nkhope, n'kufunsa ngati akupempha chakudya. Lamson sanasunthe. Brown anaseka, n'kuika mpira m'chikhatho muja yekha, pang'onopang'ono, n'kutsika pakachulu mutu uli m'mwamba.

Matimu ena anayamba kumuseka, ati wansembe wabwera kudzalandira chopereka. Asekeni! Chimene sanadziwe n'chakuti oponya a Lamson anasiya kunama. Munthu ankatha kumukodola yekha, n'kunena kuti bwana, phewa layamba, bwerani mudzatenge. Iye ankawapumitsa nthawi isanathe, n'kulowetsa wina wa mphamvu zake zonse. Pamene matimu ena ankafika kumapeto kwa nyengo mikono ili yothaitha, ake anali adakali a moto. Chaka choyamba anachoka kumchira. Chachiwiri anafika pakati. Kenako anayamba kumveka, ndipo kanyuzipepala ka m'dera kanatulutsa chithunzi chake atawerama ndi manja awiri aja. Chimene ankanyadira mumtima sichinali kupambana ayi, koma chakuti chiyambire, palibe mkono wa mwana wa munthu unawonongekera m'manja mwake.

Tsopano Kondanani. Ameneyu anabadwira konkuno, mwana yekhayo wa a Margreth. Bambo ake, a Norman, anapita kukagwira ntchito kumigodi ya kumpoto mwanayo akuyamba kumene kuyenda, poyamba ankabwera pakutha pa milungu ingapo, kenako pa Khirisimasi, kenako zii. Ndiye Lamson, asanamere n'komwe ndevu zokwanira, anapezeka kuti ndiye malume, mwini mbumba, wa ku sukulu akaitana makolo, wa ku chipatala mwana akathyoka dzino. Ndi iyeyo anamuika mpira m'manja koyamba, papaki ya kuseri kwa mashopu a ku Mirrabooka. Mwanayo anakula wamtali, wowonda, mkono ngati mkwapulo. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno. Ankamutchula kuti Uncle Lam. Mayi ake akamva ankakalipa kuti, "Amalume ako amenewo, si mnzako wa kusukulu!" Iye ankangoseka.

Zimene Lamson anazisowa, Mulungu anaziunjika mwa mwanayu. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuphunzira ku yunivesite ku Bentley, Kondanani anali woponya woopedwa mu ligi yonse. Anthu ankabwera ndi chibonga n'kubwerera nacho osakhudza mpira. Timu inafika mu fainolo ya mwezi wa Malichi, ndipo uthenga unamveka kuti kukubwera mzungu wochokera ku koleji ina ya ku America, wa ntchito yosaka osewera, kudzamuona mwanayo ndi maso ake. Akamukonda, ndiye kuti sukulu yaulere ndi njira yopita ku besibo yeniyeni. Munthuyo ankangodutsa, mawa lake anali ndi ndege yopita ku Melbourne.

Kutatsala milungu iwiri, pa masewera oyeserera, Lamson ananyonyomala yekha kuti awakhe mipira ya mwanayo, mawondo akudandaula. Mpira woyamba unali bwino. Wachitatu unafika mochedwa pang'ono, mwina inu simukanaona. Kenako anaona zala zikukutumulidwa. Anadzuka, n'kupita, n'kugwira mkono uja, n'kudinikiza ndi chala chachikulu mkati mwa chigongono. Kondanani anati, "I'm fine, Uncle," koma maso anatsinzina. Dokotala wa mafupa ndi minofu amene kalabu imagwiritsa ntchito anati mtsempha watupa, mwina wayamba kung'ambika, mwanayo apume mwezi ndi kuposerapo, akajambulidwe. Lamson anamuuza Kondanani pomwepo kuti fainolo aionerera ali pabenchi. Mnyamatayo anakwera basi, kukana kukwera galimoto ya malume wake.

Loweruka lake masana, a Margreth anamupeza Lamson pamalo oimika magalimoto, panja pa shopu ya zakudya za kwathu, iwo atanyamula thumba la ufa ndi kapaketi ka usipa. Kunkatentha kwakuti phula linkamata nsapato. Moni sanapereke.

"Ndamva kuti wamuchotsa mwana."

"Achemwali, mkono wake suli bwino. Dokotala wanena."

"Dokotala! Ine ndine ndani? Zaka zonsezi m'chipatala ndimasesa? Ndaugwira mkonowo, ndikumuika ayezi m'mawa ndi madzulo, akumwa mapilitsi. Kutupa kwatsika. Tsiku limodzi lokha, Lamson. Akatha pamenepo apume chaka chonse ngati ukufuna."

"Tsiku limodzi lomwelo ndi limene limathyola anthu. Ndaziona ine."

A Margreth anatsitsa thumba la ufa pansi. Mawu awo anatsika, ndipo Lamson akanakonda akanakalipa. "Ndinakunyamula kuchoka ku Nathenje ulibe ndi nsapato zomwe. Ndinakupemphapo chiyani chibwerere kuno? Tchula chimodzi. Iwe mwayi wako unaupeza, unakhala kuseri kwa mpanda zaka zonse zija, sindinakuletse. Uyu wake wabwera kamodzi, ndipo woti amutsekere chitseko akhale malume wake? Ndiwe mwini mbumba iwe. Bambo alibe. Ukapanda kumutsegulira njira iwe, amutsegulira ndani?"

Lamson anafuna kunena kuti mwini mbumba ntchito yake ndi kuteteza. Anthu inu, munthu amene anakusambitsa, amene ankagona ndi njala ku Lilongwe kuti iwe udye, ungamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti ayi? Ena amatha. Lamson sanathe. Anawerama, n'kutola thumba la ufa lija, n'kukawaikira m'galimoto.

Chimene anakwanitsa ndi pangano. Anamukhazika Kondanani pansi mayi ake ali pomwepo, nati, "Uyamba ndiwe. Koma ndikangobwera ndi manja, undipatsa mpira. Osakambirana." Mnyamatayo analumbira kuti atero. A Margreth anagwedeza mutu kuvomereza. Lamson anadzitonthoza kuti maso ake ndi akuthwa, aona zisanafike poipa, ndipo palibe woponya anamukanizapo mpira chiyambire.

Fainolo inali Lamulungu masana. Abusa atalengeza m'tchalitchi kuti mwana wathu akusewera pamaso pa anthu a ku America, mpingo wonse unakhamukira kubwalo mapemphero atangotha, osasintha ndi zovala zomwe. Azibambo m'masuti padzuwa limenelo, azimayi m'zitenje ndi maduku, mabeseni a mandasi ndi zitumbuwa akuyenda m'mabenchi. Zaka zonse zimene Lamson anakhala mu besibo, Amalawi anzake anali asanabwerepo chonchi. Malamulo a masewerawo panalibe ankawadziwa. Ankangoti Kondanani akaponya, nthungululu. Mzungu wa ku America uja anakhala kumbuyo kwa waya, chipewa chili pamphumi, atalozetsa kamakina koyezera liwiro la mpira.

Zigawo zinayi zoyamba za masewerawo, mwanayo anaponya ngati alibe chigongono choti n'kupweteka. Mpira unkalira m'gulovu ya wowakha, phaa, mpaka kumabenchi. Mzungu uja ankayang'ana kamakina kake n'kumagwedeza mutu. Lamson sanaone chilichonse cha zimenezo, maso ake anali pa chigongono basi. M'chigawo chachisanu, timu yake ikutsogola pang'ono, chinatsika. Mpira wotsatira, zala zinakutumulidwa. Wotsatiranso, zinapukutidwa pabuluku. Lamson anauza Brown kuti atenthetse mkono, anakodola lifali kuti aimitse masewera, n'kuuyamba ulendo wa pakachulu.

Apa mpamene anthu athu anachita zawo. Poona malume akupita kwa mwana wa mlongo wake pakati pa bwalo, anthu onse akuona, anayesa akupita kukamufupa, monga timachitira munthu akavina bwino paukwati. Nthungululu zinabuka. Mayi wina wa mvano anaimirira n'kukuwa kuti, "Mfupeni, amalume, mfupeni mwanayo!" Azibambo a masuti anayamba kuwomba m'manja motsatizana. Lamson ankayenda pakati pa chisangalalo chimenecho.

Anafika, anawerama, anatambasula manja ake awiri. "Zikomo, wagwira ntchito. Bweretsa."

Kondanani sanabweretse. Anavula chipewa, chinthu chimene woponya sachita pakachulu. Anagwira mpira ndi manja onse awiri pachifuwa, n'kupinda mawondo pang'ono monga anaphunzitsidwira ali mwana. Ndiye analankhula, osati m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija, koma m'Chichewa chopindikapindika chimene Lamson anali asanachimve m'kamwa mwake chichokere ku sukulu ya mkaka.

"Amalume, chonde. Ndisiyeni nditsirize chigawo chino chokha. Ndagwira mwendo wanu."

Mwanayo ankadziwa chimene ankachita. Anakulira m'nyumba ya lamulo lomwe lija, ankadziwa kuti malume wake satsomphola.

Ndipo kunena zoona, kutsomphola sikunkafunika n'komwe. M'malamulo a besibo manijala amangokweza dzanja kwa lifali, n'kuloza woponya wina, basi zatha, mpira ubwere usabwere. Lamson ankadziwa zimenezo kuposa aliyense m'bwalo lija. Dzanja lokweza linali lomwelo lili patsogolo pakelo. Anatembenuza mutu kuyang'ana kumabenchi. Pakati pa anthu ovina ndi kululutira, a Margreth okha anali chiimire osasuntha, manja ali pachifuwa, ndipo anapukusa mutu pang'onopang'ono kuti ayi. Anayang'ananso mwanayo, thukuta likutsika, maso ali ndi misozi. Lifali anayamba kuyandikira kuti nthawi yatha, asankhe.

Manja aja anakhala m'malere kanthawi, opanda kanthu. Kenako anatsika okha. Lamson anamva pakamwa pake pakunena kuti, "Womenya mmodzi yekha," ndipo anatembenuka. Aka kanali koyamba chiyambire umanijala kubwerera kubenchi chimanjamanja. Mpingo unawomba m'manja kwambiri. A Jones, amene anakhala pampando wawo wopinda pafupi ndi benchi, anamuyang'ana, ndipo Lamson anathawitsa maso.

Mpira woyamba unalowa bwino. Wachiwiri womenya anauphonya, nthungululu zinafika kumwamba. Wachitatu unachoka m'dzanja la Kondanani n'kuuluka pamwamba pa wowakha, pamwamba pa lifali, n'kukamenya waya kutsogolo kwa mzungu uja. Lamson akuti anamva kaphokoso, thwa, ngati lamba wakale akaduka, ngakhale anzake amati sizingatheke kumva kuchokera pabenchi. Kondanani sanakuwe. Anangonyonyomala pakachulupo, atakumbatira mkono wake, mutu uli pakati pa mawondo.

Lamson anathamanga, munthu wosadziwa kuthamanga uja. Atafika anagwada m'fumbi, osadziwa pogwira. Mnyamatayo ankangonena kuti sorry, Uncle, sorry, sorry. Kumabenchi nthungululu zinazima imodziimodzi, ena mochedwa, chifukwa sanamvetse msanga. A Margreth analowa m'bwalo ndi nsapato zawo za kutchalitchi m'manja, palibe anawaletsa. Anagwira chigongono chija ndi zala za unesi, ndipo nkhope yawo inagwa. Anamudzutsa mwana wawo, n'kumukoleka mkono ndi duku lawo lomwe, n'kutuluka naye. Lamson anawatsatira mpaka pachipata, nati ndipita nawo. A Margreth, osatembenuka, anati, "Bwerera, anthu akukudikira." Wowakha anabwera ndi mpira uja atautola kuwaya, n'kumupatsa Lamson. Anaulandira ndi dzanja limodzi, osazindikira n'komwe.

Ndipo tamverani nkhanza za dziko. Brown, pulambala wa ndevu zoyamba kuyera, analowa n'kuponya masewera a moyo wake wonse. Lamson anaima pabenchi ngati chitsa, pakamwa pokha pakugwira ntchito, uyu alowe, uyu asunthire kumanzere, uyu adikire, ndipo chilichonse chimene ananena chinkatheka. Anapambana. Anyamata anamunyamula m'mwamba, anamukhuthulira chidebe cha madzi a ayezi, anamuika chikho m'manja. Pa zithunzi za tsiku limenelo akuoneka ngati munthu amene wauzidwa za maliro. Mzungu wa ku America anabwera kudzamugwira chanza, nati pepani za mnyamata uja, anali wabwino zedi, koma inu bambo mumaidziwa ntchito. Anati anali, ngati akunena za womwalira. Mawa lake anakwera ndege yake.

Mtsempha unali utaduka. Anachita opaleshoni, kutenga mtsempha wina pamkono womwewo n'kulumikiza. Madokotala anati chaka ndi miyezi asanaponyenso, ndipo ngati liwiro lija lidzabwerere, palibe angalonjeze. Ena limabwerera, ambiri ayi. Mwezi womwewo a ligi anasankha Lamson kukhala manijala wopambana onse, ndipo timu yaikulu ija, yomwe inamusunga kuseri kwa mpanda, inamuimbira foni kuti abwere adzayang'anire oponya awo. Anati chifukwa chake n'chakuti amadziwa kusamala mikono ya anthu. Lamson anali pa fokolifiti pamene ankamva mawu amenewo. Anazimitsa injini, n'kukhala pomwepo mpaka kapitawo anabwera kudzafunsa ngati wadwala. Ntchitoyo anaivomera patapita milungu, chifukwa a Margreth anamuuza kuti akakana ndiye kuti mkono wa mwana wapita pachabe kawiri.

Chimene chinkamupha n'chakuti palibe anamuimba mlandu. Akanakonda wina amutukwane. Kondanani ankati si vuto lanu, ndinakukakamizani ndine. A mpingo ankati ndi ngozi, zimachitika, n'kumamuyamikira za chikho. A Margreth nkhani ya pamalo oimika magalimoto ija sanaitchulenso, naye sanaitchule. Ankangopita kunyumba kwawo tsiku lililonse akaweruka, kukamuthandiza mnyamatayo kuvala malaya, kumumangira zingwe za nsapato, kumuyendetsa kupita ku Bentley popeza basi inkamugwedeza mkono. Akamamanga zingwezo, mutu uli pansi, ankaganiza za dzanja lija limene likanangokwera m'mwamba, kanthu kochepa ngati kuimitsa minibasi. Ankaliyang'ana dzanjalo, lili bwinobwino, lopanda ndi chilonda chomwe.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, anali onse atatu kunyumba kwa a Margreth. Kondanani anali pasofa, mkono uli m'chomangira cha zitsulo, wopindika, wokolekedwa m'khosi. Mayi ake anali kukhitchini akudula anyezi. Lamson anathira tiyi m'kapu, anaika shuga monga mwanayo amakondera, n'kupita nayo. Kondanani anatambasula dzanja lamanzere.

A Margreth ankatuluka m'khitchini nthawi yomweyo, mpeni uli m'manja, ndipo anangoona ndi ngodya ya diso mwana akulandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi. Pakamwa panathamanga pokha, monga pakhala pakuchitira zaka zonsezi.

"Iwe Kondanani, manja awiri! Amalume ako a..."

Mawu anathera pomwepo. Ndipo mwanayo, poti naye thupi linazolowera kumvera, anayesadi. Phewa lamanja linanyamuka, zitsulo zija zinalira, nkhope inakwinyika ndi ululu.

"Usatero, usatero, mwana wanga," anatero Lamson.

A Margreth anaphimba pakamwa ndi dzanja la anyezi lomwelo, n'kutsamira chitseko, mapewa akugwedezeka. Kapu inkanjenjemera m'dzanja lamanzere losazolowera, ndiye Lamson sanaisiye. Anagwada pakapeti, dzanja lake lili pansi pa kapu, la mnyamatayo lili pachogwirira. Anakhala choncho awiriwo, wina dzanja limodzi wina limodzi, tiyi wotentha akutayikira pa zala za Lamson, ndipo iye sanachotse dzanja.